“Ndamva, mwananga”: miyezi 14 imene tinataya Ababa atapezeka ndi matenda a impso

Mu Malichi 2022 Ababa anayamba kudandaula kuti nsapato zawo za kutchalitchi zikuwathina. Anali ndi zaka 63, atapuma ntchito ya kufakitale, ndipo shuga ndi BP anali atakhala nazo zaka zoposa 10. Kwathu ndi ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, kumene agogo anafikira atachoka ku Dedza. Pakhomo timalankhula Chichewa, pamene Chishona ndi cha kumsika ndi kuchipatala. Ine ndine namwino, ngakhale kuti kuwodi ya odwala impso ndinali ndisanagwireko. Nditadina chala pamwendo wawo, pamwamba pang'ono pa kakolo, panatsala kadzenje kamene kanachedwa kubwerera. Mtima unangoti myuu, chifukwa ndinadziwa kuti amenewo ndi madzi.

M'mawa mwake BP inali 178/104. Tinalipira madola 30 kuti ayezedwe magazi ndi mkodzo. Mumkodzo munapezeka puloteni, ndipo eGFR inali 38. Nambala imeneyi wodwala impso aliyense ayenera kuisunga pamtima. Amaiwerengera kuchokera ku creatinine wa m'magazi (chimodzi mwa zoipa zimene impso zimasefa), zaka za munthu, komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo imasonyeza mphamvu yosefera magazi imene impso zatsala nayo. Ikakhala pakati pa 30 ndi 44 ndiye gawo 3b, pakati pa 15 ndi 29 ndi gawo 4, ikachepera 15 ndi gawo 5, pamene nkhani ya dialysis, kusefa magazi ndi makina, imakhala itafika pakhomo. Patatha miyezi itatu tinabwereza, nambala n'kukhala yomweyo, ndipo adokotala anatsimikiza kuti ndi matenda okhalitsa. Impso zikafika pamenepa sizibwerera mwakale. Chotheka ndi kuchedwetsa kuwonongekako, ndipo munthu wa pa 38 akasamalidwa bwino angathe kukhala zaka zambiri asanafune makina.

Adokotala analankhula mphindi zosakwana 10, Chingerezi chosakaniza ndi Chishona: achepetse mchere, amwe mapiritsi a BP otchedwa enalapril tsiku lililonse, asakhudze mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac, asamwe zitsamba, shuga asakwere. Ababa ankangogwedeza mutu, chipewa chili pabondo. Titafika kunyumba ine ndinawonjezera zanga, n'kulemba malamulo 11 papepala, m'Chingerezi, n'kumata pachitseko cha kabati. Ndinawawerengera limodzi ndi limodzi. Anati, “Ndamva, mwananga.” Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Kwathu munthu wamkulu satsutsana ndi dokotala pamaso, ndiponso sakonda kuphunzitsidwa ndi mwana wobereka yekha. “Ndamva” ndi mawu aulemu otsekera nkhani. Sakuuza chimene munthuyo wamvetsa, chimene akukhulupirira, kapena chimene achite kukacha. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine amene, anawafunsa kuti iwo akuganiza kuti akudwala chiyani.

Zimene zinkachitika m'miyezi yotsatira ndinazidziwa mochedwa, zina mpaka ali gone pabedi la kuchipatala. Enalapril anamwa mwezi umodzi, mutu utaleka kupweteka n'kusiya, poganiza kuti ali ngati mankhwala a malungo, amene ukamaliza basi wachira. Amayi anachotseratu mchere tsiku limodzi n'kumawapakulira ndiwo m'kambale kawokawo. Iwo anayamba kuyenda ndi mchere wokulunga m'pepala m'thumba la jekete. Maondo akawawa pochokera kukamunda kawo ka chimanga, ankagula diclofenac kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, awiri m'mawa, awiri madzulo. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi olowa mu impso, ndipo impso yofooka kale siichedwa kugonja.

Panalinso nkhani imene sinkanenedwa ine ndili pomwepo. Azakhali atabwera kuchokera ku Epworth n'kuona miyendo ndi nkhope zotupa, anati ndi mdulo. Amene anakulira m'mwambo wathu akudziwa kuti mdulo, ena amati tsempho, umayendera limodzi ndi nkhani ya mchere wa m'ndiwo ndi amene wauthira. Ndiye taganizani: mwana akukalipa za mchere, mlamu akunong'ona za mchere, Amayi ali pakati. Anamva ngati akulozedwa chala, ndipo ankalirira kuseri osandiuza. Ababa anayamba kumwa mankhwala a mizu a m'chigubu cha malita awiri, kapu m'mawa, kapu madzulo. Ndikanangofunsa poyamba pomwe kuti, “Ababa, achibale akuti chikutupitsa miyendo n'chiyani?”, zonsezi ndikanazidziwa sabata yoyamba.

Mu Epulo 2023 ndinapeza mabotolo atatu a enalapril osatsegula m'sutikesi. Ndinapsa mtima, n'kuwakalipira pamaso pa adzukulu awo, chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaimirira mpaka ameze. Masabata omwewo achimwene a ku Johannesburg anatumiza “mchere wa odwala BP”, ndipo tonse tinasangalala kuti vuto la ndiwo latha. Zolembedwa pabotolo sindinawerenge. Mumchere wotere amachotsamo sodiyamu wina n'kuikamo potaziyamu, amene impso zofooka zimavutika kutulutsa m'thupi. Therere la Amayi linkaphikidwa ndi chidulo, ndipo madzi a phulusa nawo ali ndi potaziyamu wambiri. Enalapril payekha amakweza potaziyamu, n'chifukwa chake magazi amayenera kuyezedwanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu akayamba kapena kuyambiranso kumwa. Ife sitinayeze. Diclofenac naye anali akumwedwabe. Ndinakakamiza chinthu chimodzi ndisakudziwa zina zitatu zimene zinkalowa m'thupi lomwelo.

Usiku wina mu Meyi miyendo inawalefukira, analephera kudzuka pampando, ali ndi nseru, mtima ukugunda ka 48 pa mphindi. Galimoto ya aneba inatitengera madola 20. Potaziyamu anali 6.8, pamene woyenera ndi 3.5 mpaka 5.0, akapitirira 6 mtima ungathe kuima popanda chenjezo. Anagonekedwa masiku 6. Mankhwala, kuyeza magazi ndi mayendedwe zinadya pafupifupi madola 400, theka lake anatumiza achimwene. Impso zinabwererako pang'ono, koma eGFR inakhazikika pa 21. Kuchoka pa 38 kufika pa 21 m'miyezi 14. Ndinakhala pabenchi panja pa wodi, mantha ndi manyazi zitandigwira pakhosi, osadziwa choti ndikawauze Amayi.

Tsiku lachinayi, asisita ena achikulire, namwino wamkulu wa kuwodi ya impso, anandipempha kuti ndikhale chete, ndingomvetsera. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi. Ankafunsa m'Chishona, Ababa n'kumayankha mosakaniza. Loyamba: kodi anakuuzani kuti mukudwala chiyani, nanga inu mukuona kuti n'chiyani? Lachiwiri: tsiku lanu limayenda bwanji kuyambira kudzuka mpaka kugona, mumadya chiyani, mumamwa chiyani, kuphatikizapo za kwa asing'anga, poti ambiri amamwa? Mawu akuti “poti ambiri amamwa” ndi amene anawamasula lilime. Lachitatu: n'chiyani chimene mukufuna mudzachione mukadali ndi mphamvu? Anati akufuna adzaone mdzukulu wawo wamkulu akulemba mayeso a Fomu 4, ndiponso akafike ku Dedza kamodzi kokha kukaona manda a makolo. Pa mphindi 20 asisitawo sanapereke langizo ngakhale limodzi, koma anamva za diclofenac, za mizu, za mdulo, ndi za mnzawo wa kufakitale amene anamwalira patangotha miyezi iwiri atayamba dialysis, zimene zinawakhulupiritsa kuti makinawo ndi amene amapha.

Kafunsidwe kameneka kali ndi kochokera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, James Prochaska ndi Carlo DiClemente, pofufuza anthu osiya fodya, anaona kuti munthu posintha khalidwe amadutsa m'masitepe. Pali amene sanayambe n'komwe kuganizira zosintha m'miyezi 6 ikubwerayi. Pali amene akuganizira koma ali ndi mitima iwiri. Pali amene watsimikiza kuyamba mwezi womwe uno ndipo akukonza zofunika. Kenako amene wayamba koma sanathe miyezi 6, ndipo pomaliza amene wapitirira miyezi 6, amene nkhondo yake ndi yoti asabwerere zakale. Sitepe imadziwika ndi mawu a wodwala mwini wake. “Ine ndilibe vuto, agogo anga ankadya mchere mpaka kukalamba” ndi yoyamba. “Ndikudziwa kuti mchere ukundipweteka, koma nsima siitsika” ndi yachiwiri, ndipo mukamva “koma” ameneyo, dziwani kuti pali pogwira. “Ndiyambe bwanji?” ndi yachitatu, ndipo kuyambira pamenepa ndi pamene pepala la malangizo limakhala ndi ntchito. Langa lija ndinalipereka kwa munthu amene anali pa sitepe yoyamba.

Chinanso, funso lakuti “kodi wodwalayu ndi wokonzeka?” ndi lalikulu kwambiri moti silingayankhidwe kamodzi. Khalidwe lililonse limayezedwa palokha. Tsiku lotuluka, pa diclofenac Ababa anali okonzeka kusiya pompo, bola apatsidwe china cha maondo. Pa mapiritsi a BP anali akukonzekera, atangomva kuti ndi a moyo wonse ndiponso kuti amateteza impso ngakhale mutu usakupweteka. Pa mchere anali ndi mitima iwiri. Pa mizu ankaopa kukhumudwitsa mlongo wawo. Dialysis sankafuna kumva ndi dzina lomwe.

Poyeza, asisita anagwiritsa ntchito mafunso awiri a njira yokambirana ndi odwala imene William Miller ndi Stephen Rollnick anakhazikitsa. Loyamba: kuyambira 0 mpaka 10, kuchepetsa mchere n'kofunika bwanji kwa inu? Lachiwiri: mutati muyambe, mukudzikhulupirira bwanji kuti mungakwanitse? Manambala a m'mutu Ababa sanawakonde, choncho kunyumba tinkaika njere 10 za chimanga patebulo, iwo n'kukankhira kwa ine zimene akuona kuti zikuimira mtima wawo. Pa kufunika kochepetsa mchere anakankha zinayi.

Funso lotsatira ndi pamene ambiri timapunthwa. Mukafunsa kuti “bwanji zinayi zokha, osati 9?”, munthu amayamba kuikira kumbuyo mchere wake, ndipo akamadzimva yekha akuuikira kumbuyo ndi pamene amaukakamira zedi. Funsani chotsikira m'munsi: “Ababa, bwanji zinayi, osati imodzi?” Anakhala duu kanthawi, kenako anati, “Chifukwa miyendo ikatupa sindifika kumunda. Ndiponso usiku uja ndinawaona amayi ako akulira.” Zifukwa zosinthira zinatuluka m'kamwa mwawo, ndipo mawu a m'kamwa mwake munthu sawakana. Pambuyo pake ndi pamene mumafunsa kuti chingachitike n'chiyani kuti njerezo ziwonjezereke ziwiri.

Mayankho awiriwa amakulozerani ntchito zosiyana. Kufunika kukakhala kotsika, munthu akusowa chifukwa. Apa mumapempha kaye: “Ndingakuuzeni zimene mchere umachita ku impso?” Akalola, mumanena mfundo imodzi mwachidule, kuti mchere umasunga madzi m'thupi, madzi amakweza BP, BP imawononga timitsempha tosefera, kenako n'kufunsa kuti waiona bwanji. Kufunika kukakhala kokwera koma kudzikhulupirira kuli pansi, kumuwopseza n'kungomusenzetsa katundu wina. Ameneyo akusowa njira. Lamulo limene tinkatsatira n'lakuti pulani iliyonse imene Ababa aipatsa njere zochepera 7 pa kudzikhulupirira, tiichepetse mpaka zikwane 7. “Kusiya mchere” anaipatsa ziwiri. “Kusathira mchere wapambale pa nkhomaliro, masiku asanu pa sabata” anaipatsa 8. Tinayambira pamenepo.

Koma pali zinthu zimene sizidikira kuti munthu akonzeke, ndipo ndisanamize munthu pamenepa. Ibuprofen, diclofenac, mchere wa potaziyamu, chidulo ndi zitsamba zosadziwika ziyenera kuchoka lero lomwe kwa munthu amene impso zake zafooka ndipo potaziyamu wakwera. Metformin amasiyidwa eGFR ikachepera 30, ndipo Ababa anawasinthira mankhwala a shuga asanatuluke. Enalapril anamuimitsa kaye, n'kudzamuyambitsanso pang'ono, magazi akuyezedwa. Kubanika, kulephera kugona chagada, mkodzo kuchepa mwadzidzidzi, kusanza kosalekeza, kusokonezeka mutu, miyendo kulefuka: zimenezi ndi za kuchipatala usiku womwewo. Ngakhale pa zimenezi, mukalanda chinthu osapereka cholowa m'malo mwake, chimabwerera mwamseri. Pa maondo adokotala anawalembera paracetamol, galamu imodzi katatu patsiku, ndipo tinawagulira ndodo. Pa mizu, tinapita ndi Amayi kwa azakhali, tinakhala pamphasa, n'kuwapempha kuti atithandize kusamala mlongo wawo. Za mdulo sitinatsutsane nawo. Tinangopempha kuti chilichonse cholowa m'kamwa mwa Ababa chizidutsa kaye kwa adokotala, chifukwa impso zimene zikanasefa mankhwalawo ndi zomwezo zafookazi. Anavomera, ndipo lero ndi iwo amene amayang'anira mbale ya Ababa pamaliro ndi paukwati.

Nthawi zina chimene timachitcha kusafuna chimakhala kulephera. Pepala langa la malamulo 11 Ababa sankatha kuliwerenga: shuga anali atawononga maso, ndipo ankachita manyazi kunena. Magazi anali ochepa, hemoglobin 8.9, pakuti impso ndi zimene zimatulutsa erythropoietin, timadzi touza mafupa kuti apange magazi. Kutopa kumene ine ndinkakuyesa mphwayi kunali kwa m'thupi. Zoipa zikachuluka m'magazi munthu amaiwalaiwala, moti malangizo a mphindi 10 amatha onse asanafike pokwerera kombi. Ndiye pomaliza kukambirana musafunse kuti “mwamva?” Nenani kuti, “Ndikufuna ndidziwe ngati ndafotokoza bwino. Amayi akakufunsani kunyumba, mukawauza kuti chiyani?” Funsaninso za ndalama, chifukwa mwezi wina tinapeza kuti akudumphitsa masiku kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi, posafuna kutipemphanso.

Ndipo pali kuvutika maganizo, kumene anzathu a Chishona amati kufungisisa. Mafunso awiri amathandiza kuona: m'masabata awiri apitawa, kodi zinthu zimene munkakonda zasiya kukusangalatsani? Kodi mwakhala okhumudwa kapena otaya mtima? Ababa anavomera onse awiri. Munthu wotaya mtima saona chifukwa chodzimanira mchere. Kuno ku Harare kuli Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsira ku Mbare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pa makiliniki n'kumamvetsera mavuto a anthu kwaulere. Ababa anapitako maulendo angapo, ndipo atabwerako kachitatu anafunsa okha mtengo wa makina oyezera BP.

Mchere unatitengera miyezi inayi. Muyezo wake ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo wobisala m'buledi, supu wa m'mapaketi, timakyubu tokometsera ndiwo, poloni, masoseji, nyama yofutsa ndi soda wa m'therere. Tinasiya zowapakulira padera, mphika unakhala umodzi wa banja lonse, chifukwa bambo wa pakhomo akamadya yekha m'kambale kake amadziona ngati wapatulidwa. Amayi ankayeza mchere wa tsiku lonse m'mawa n'kuika m'kabotolo, ndipo pakatha masabata awiri aliwonse ankachepetsako pang'ono. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo. Anyezi wokazinga, adyo, tsabola ndi madzi a mandimu zinathandiza kuti nsima itsike. Matemba ankaviikidwa m'madzi ofunda, madziwo n'kutayidwa kawiri, ndipo tinkadya kamodzi pa sabata. Mbatatesi ndi mbatata ankasenda, kuduladula, kuwiritsa m'madzi ambiri n'kutaya madziwo, masamba nawonso kuwiritsa n'kukhetsa, kuti potaziyamu achepe. Nthochi ndi mapeyala tinachepetsa kwambiri. Si wodwala impso aliyense amene ayenera kupewa zipatso ndi masamba ayi, zimatengera zotsatira za magazi ake, choncho musakopere zathuzi musanayezetse.

Wophika naye afunsidwe njere zake. Amayi pa kudzikhulupirira anakankha zitatu zokha, chifukwa ankaopa kuti alendo azikanena kuti sadziwa kuphika. Tinagwirizana kuti alendo aziikiridwa mchere wawo pambali, ndipo Ababa ndi amene azifotokoza chifukwa chake, kuti mawu asagwerenso Amayi.

Tinagula makina a BP pa madola 35 ndi sikelo pa madola 12. Wolemba m'kabuku ndi Ababa eni ake, ndi zilembo zikuluzikulu: BP ndi kulemera, m'mawa uliwonse atataya madzi, asanadye. Kilogalamu imodzi yowonjezereka mwadzidzidzi ndi lita imodzi ya madzi. Pofika Okutobala BP inkakhala cha m'ma 138/84, eGFR 20. Sinakwere, koma inaleka kutsika mothamanga, ndipo inakhala pakati pa 17 ndi 20 pafupifupi chaka chathunthu.

Mu Disembala kunagwa maliro a msuweni wawo ku Mufakose. Anagonako masiku anayi, akudya za m'miphika ikuluikulu, akumwa zoziziritsa kukhosi, mapiritsi ataiwala kunyumba. Anabwera atawonjeza makilogalamu atatu, BP 172/98. Mawu anandidzaza m'kamwa, koma ndinameza. Pafupifupi aliyense amene akusintha khalidwe amaterereka tsiku lina, ndipo chimene chimamugwetseratu ndi manyazi a pambuyo pake, aja akuti “poti ndalephera kale, basi”. Ndinangofunsa kuti chinavuta n'chiyani, nanga ulendo wina tikonze bwanji. Anayankha okha: mapiritsi a masiku atatu azikhala nthawi zonse m'thumba la jekete, muja munkakhala mchere, azidyeratu asananyamuke, ndipo azakhali aziuzidwa.

Nkhani ya dialysis ndi imene inatisautsa kwambiri, ndiponso ndi imene inatidyera ndalama. Asisita anayamba kuikhudza mu Okutobala 2023, ndipo kwa miyezi 9 panalibe njere ndi imodzi yomwe. Ulendo uliwonse ankapempha chilolezo, Ababa n'kukana, iwo n'kunena kuti chabwino, tidzafunsanso. Amayi ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinkaona nambala ikutsika. Lero ndikuona kuti kudekhako kunali koyenera, koma pakokha kunali kosakwanira, chifukwa muzu wa “ayi” wawo tinkaudziwa, imfa ya mnzawo uja, ndipo sitinachitepo kanthu. Tsiku lina mu Julayi 2024, ali pamzere, anakhala pafupi ndi bambo wina wosoka nsapato amene wakhala pamakina zaka 6. Bamboyo anawaonetsa mkono wake, n'kuwauza kuti amene iye wawaona akumwalira msanga ambiri anafika pamakina matenda atawapitirira kale. Madzulo amenewo njere zinakhala zisanu. Ndikanadziwa, ndikanapempha kuti akumane ndi munthu wotere mwezi woyamba womwe. Pemphani zimenezi, sizilira ndalama.

Amayi atamva kuti Ababa achitidwe opaleshoni ya fistula anadzidzimuka, poti dzinali amalidziwa pa vuto la amayi ovulala pobereka. Iyi ndi ina. Dokotala amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwezera magazi, pamkono umene munthu saugwiritsa ntchito kwambiri, kuti mtsemphawo ukule n'kutha kulandira singano za makina. Umafuna masabata 6 mpaka 8, nthawi zina miyezi itatu, kuti ukhwime, ndipo mkono umenewo usabayidwe, usaikidwe diripi, usayezerepo BP. Mitsempha yake muyambe kuiteteza nkhaniyi ikangoyamba kukambidwa, ngakhale wodwala asanavomere.

Ababa anavomera mu Seputembala 2024, eGFR ili 14. Tinadikira opaleshoni masabata 11. Mu Januwale 2025 eGFR inafika pa 8, akusanza m'mawa uliwonse, thupi likuyabwa, mtsempha usanakhwime. Anawaika paipi yapakhosi yolumikizira makina. Mu 2018 boma la Zimbabwe linachotsa malipiro a dialysis m'zipatala zake, koma makina ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, ndipo malo sanapezeke msanga. Tinalipira maulendo 7 kuchipatala cholipira, madola 150 ulendo uliwonse. Achimwene anatenga ngongole kuntchito. Paipi ija inalowetsa tizilombo m'magazi, anagonekedwanso masiku asanu akutentha thupi. Tikanafulumira ndi miyezi itatu yokha, mkono ukanakhala utakhwima.

Ndinenenso ichi: munthu amene wamvetsa zonse bwinobwino n'kusankha kusalowa pamakina, makamaka wokalamba kwambiri kapena wa matenda ena aakulu, musamuwerengere ngati wosakonzeka. Wasankha, ndipo chilipo chisamaliro cha mankhwala ndi zakudya chomuchepetsera kuvutika. Mafunso onse aja ntchito yake ndi kusiyanitsa “ayi” wa mantha ndi nkhani zongomva, ndi “ayi” wa munthu wodziwa chimene akukana.

Panopa Ababa amapita kumakina kawiri pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, kudzera pamkono. Mdzukulu uja akulemba mayeso chaka chino. Ulendo wa ku Dedza ukadali m'kabuku, chifukwa ukufuna kupezeratu malo a dialysis ku Lilongwe. Chimene tikulimbana nacho tsopano ndi madzi. Mkodzo wachepa, ndipo adokotala anawalola mamililita 500 kuwonjezera pa mkodzo wa dzulo lake, zimene kwa iwo zikukwana pafupifupi 900, kuwerengera tiyi, phala, maheu ndi msuzi womwe. Kunja kwatentha. Pa kufunika anakankha njere 9, pa kudzikhulupirira zinayi, ndiye tinachepetsa pulani mpaka kutsala nthawi imene imawavuta kwambiri, kuyambira masana mpaka 4 koloko: kapu imodzi yaing'ono ya mamililita 150, kuchukucha m'kamwa n'kulavula, ndi kagawo ka ndimu koyamwa. Imeneyo anaipatsa 7. Sabata yatha anawonjeza makilogalamu 3.4 pakati pa maulendo awiri, pamene asisita akufuna asapitirire 2.5. Lachinayi m'mawa akakweranso sikelo.